Buku la akalulu lingakupheretseni mbira

Ku Nkolokosa, Zingwangwa ndi madera oyandikana nawo, kakhola ka akalulu kapena mbira kuseri kwa nyumba ndi bizinesi yomwe munthu wa mpamba wochepa angaikwanitse. Vuto ndi loti ena mukuweta potsatira mabuku akaunjika ogula m'mbali mwa msewu, kapena timauthenga toyenda pa WhatsApp. Buku ndi labwino, koma musamangirire mpamba wanu wonse pa tsamba limodzi.

Mabuku ena amaika kalulu ndi mbira m'mutu umodzi ngati ndi pachibale. Kalulu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 31 ndipo kawirikawiri amaswa ana 6 mpaka 8. Mbira imatenga masiku 59 mpaka 72, ana ake nthawi zambiri 2 mpaka 4. Mukatenga ngongole ku banki m'khonde mutawerengera mbira ndi masamu a kalulu, tsiku lobweza lidzakupezani khola lisanadzaze. Komanso thupi la mbira silipanga vitamini C monga limachitira la kalulu. Mbira yongodya madeya popanda masamba aawisi tsiku ndi tsiku imafooka miyendo, nkhama n'kumatuluka magazi.

Pa mankhwala ndi pomwe pamathera ndalama zambiri. Amoxicillin ndi ampicillin, omwe ambiri amawathamangira chiweto chikadwala, akamwetsedwa kwa kalulu kapena mbira amapha tizilombo tothandiza m'matumbo. Chiweto chimatsegula m'mimba n'kufa m'masiku ochepa. Fipronil, mankhwala ophera utitiri ndi nkhupakupa pa agalu, ndi poizoni kwa kalulu. Zakudya zina za nkhuku zimasakanizidwa ndi monensin wotetezera ku matenda a m'matumbo, koma kwa kalulu ndi woopsa. Buku lakale kapena lolembera ziweto zonse pamodzi likhoza kungodumpha machenjezo amenewa.

Kenako funsani kuti bukulo linalembedwera kuti. Ambiri mwa mabuku a ku Ulaya ndi America amanena za kalulu wosunga m'nyumba ngati mphaka, wodya udzu wouma wa timothy wogula m'sitolo. Ife kuno mdani wathu ndi dzuwa la Okutobala. Kutentha kukapitirira madigiri 30, kalulu amachepetsa kudya ndipo wamphongo mphamvu yobereketsa imatsika. Khola la malata lopanda mthunzi limadya phindu mwakachetechete. Mabukuwo satchulanso chisoso, kholowa kapena madeya, zomwe ndi zakudya zathu zenizeni, ndipo sachenjeza kuti lukina akachuluka amathothola ubweya.

Wina anena kuti dokotala wa ziweto amafuna ndalama pomwe buku uli nalo kale. N'zoona, koma kalulu wamkazi mmodzi akafa mwataya iye ndi ana onse amene akanaswa chaka chimenecho. Ndipo si mabuku onse olakwika. Bungwe la FAO linatulutsa buku lotchedwa The Rabbit: Husbandry, Health and Production, lomwe linakonzedwanso mu 1997, ndipo limakamba za kuweta kalulu wa nyama ngakhale m'mayiko otentha. Komabe zaka zapitapo, choncho mlingo wa mankhwala muutsimikize kwa alangizi a ziweto a boma.

Musanakhulupirire buku, onani zitatu: chaka chomwe linatuluka, dziko lomwe linalembedwera, ndi chiweto chenicheni chomwe tsambalo likunena. Mukapita kogula mankhwala nenani poyera kuti ndi a kalulu kapena mbira, osati kungoti “a ziweto”. Funsaninso masiku oyenera kudikira musanaphe chiweto chomwe chalandira mankhwala, chifukwa kasitomala akadwala ndi nyama yanu sabweranso.

Pomaliza gulani kope. Lembani tsiku lokweretsa, tsiku loswa, ana angati, zomwe adya ndi zomwe zafa. Pakatha miyezi sikisi, kopelo lidzakuuzani ngati buku lanu likunena zoona pa khola la ku Nkolokosa.