ZA MPIRA: CIZIMALUPSA SI MVULA YOBZALIRA

Nyengo ya mpira yayambanso, ndipo monga mwa zaka zonse yabwera ndi cimwemwe kwa ena, kwa ena madandaulo. Mlungu uno ndifuna ticezerane za zimene ndinaona ndi maso anga pa bwalo lina la m'tauni ya Kafue, pamene timu ya pamalopo inacotsedwa mu mpikisano wa cikho pa masewera ake oyamba eni-eni. Maina a matimu sindichula, pakuti colinga canga si kucititsa munthu manyazi ai. Cimene cinacitika pa bwalo limenelo cimacitikanso ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Chadiza, ngakhale pa bwalo la sukulu ya kwanu komweko.

Linali tsiku la Ciweru, mphepo ya mwezi wa August iri kuulutsa fumbi. Anthu anafika msanga kucokera ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi ku Kafue Estates, ena pa njinga, ena pansi. Azimai ogulitsa vitumbuwa ndi nshawa zokazinga anandanda pa cipata. Anyamata a pamalopo anasewera bwino ndithu, ndipo nthawi yaikulu mpira unali ku mapazi ao, koma cigoli cinakana. Mphindi 90 zitatha popanda wopambana, woimbira analamula kuti mlandu uweruzidwe ndi mapenati. Wotsiriza kumenya anali mnyamata wamng'ono, ndevu zikali zosamera. Anathamanga, namenya, mpira n'kudutsa pamwamba pa golo.

Pamenepo bwalo linasanduka msika. Ena anayamba kutukwana mnyamata uja pamodzi ndi makolo ake. Ena anathamangira ku cipata nafuna kuti mphunzitsi wa timu acotsedwe nchito tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ena anati alendo anakwirira mankhwala pa golo usiku. Miyala ingapo inaulukira kumene kunali woimbira, ndipo apolisi ndiwo anamuperekeza kutuluka. Mnyamata wophonya penati anacoka atadziphimba kumaso ndi malaya ake. Pafupi ndi ine panali bambo wina amene anabwera ndi ana ake awiri. Anawagwira pa mkono nacoka nao mofulumira, ali kunena kuti sadzabwera naonso ku mpira.

Tsono ndisanadzudzule ocemerera a ku Kafue, ndiyenera kuyamba ndawamvetsa, cifukwa mkwiyo wao sunayambe tsiku la Ciweru limenelo. Madzulo ake ndinaceza ndi mkulu wina wa imvi amene anagwira nchito m'mafakitale a tauni imeneyi kuyambira ali mnyamata. Anandikumbutsa kuti Kafue, amene ali pa mtunda wa makilomita oposa 40 kum'mwera kwa Lusaka, anakula kaamba ka mafakitale, maka-maka ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia imene inatsegulidwa mu 1970, ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Masiku amenewo makampani anali kulera matimu monga ana ao. Wosewera anali pa nchito m'mawa, madzulo ali pa bwalo, ndipo pakutha kwa mwezi malipiro ake anali odziwika. Nsapato, mipira ndi basi yopitira ku Migodi zonse zinali za kampani. Dzina la Nitrogen Stars linali kumveka m'dziko lonse, ndipo bwalo la Khosa linali kudzaza.

Cuma ca dziko citabvuta, mafakitale anacepetsa anchito, ya nsalu inaleka kuomba monga kale, ndipo mpira unatsala wamasiye. Mkuluyo anati cimene cimamupweteka mtima si kuluza kwa tsiku limodzi, koma kuona kuti Kafue amalera, ena n'kumakolola.

Mau amenewa ali ndi coona. Patson Daka, amene atate ake anasewerera Nitrogen Stars, anakulira m'Kafue ndipo anatulukira ku timu ya Kafue Celtic yotsogoleredwa ndi a Lee Kawanu. Enock Mwepu nayenso anadzera pa khomo lomwelo. Onse awiri anali m'gulu la acinyamata osapitirira zaka 20 limene linatenga cikho ca Africa mu March 2017, litagonjetsa Senegal ndi zigoli 2 kwa 0 pa bwalo la Heroes mu Lusaka. Caka comweco anapita ku Salzburg m'dziko la Austria, ndipo mu 2021 Daka analowa Leicester City, Mwepu nalowa Brighton ku England. Mu 2021 momwemo Kafue Celtic inakwera kulowa mu ligi yaikulu ya dziko lino, koma inakhalamo nyengo imodzi cabe, nitsikanso mu 2022. Munthu amene waona zonsezi akadandaula, sitinganene kuti ndi wamisala.

Komabe ndiyenera kunena mosabisa kuti mkwiyo wa pa Ciweru unagwera anthu olakwika, ndiponso unabwera nthawi isanakwane. Inu alimi mudziwa bwino mvula ija ya cizimalupsa imene imagwa dzinja lisanafike. Imanunkhiritsa nthaka ndi kuzima moto wa m'chire, koma mlimi wanzeru satulutsa mbeu yake kaamba ka iyo, ndipo ikapanda kugwa salira kuti caka cino ndi ca njala. Masewera a cikho a pa ciyambi pa nyengo ali cimodzi-modzi. Osewera atsopano amakhala asanadziwane mayendedwe, miyendo ikali yolemera ndi chuthi, ndipo mphunzitsi akali kuyesa kuti uyu ayenera malo ati.

Tikumbukirenso kuti cikho ndi ligi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu ligi timu iriyonse imakumana ndi inzake kawiri, pakwao ndi kwa eni. Caka cimene Kafue Celtic inali mu ligi yaikulu munali matimu 18, kotero iriyonse inasewera masewera 34. Ukapunthwa lero, mlungu wa mawa ukonza. Koma mu cikho mulibe mawa. Tsiku limodzi, mphepo yoipa, kapena phazi limodzi loterereka, basi ulendo wathera pomwepo. Ndico cifukwa cake cikho cimakoma, pakuti timu ya kumudzi ikhoza kugwetsa ya m'tauni. Ndico cifukwa cakenso sitiyenera kuweruza nchito ya caka conse ndi masewera amodzi a cikho.

M'dziko lino nyengo imatsegulidwa ndi Charity Shield, imene inapatsidwa dzina la malemu Samuel "Zoom" Ndhlovu, katswiri wa Mufulira Wanderers amene anamwalira mu 2001. Ku England nakonso ali ndi mwambo wotere, ndipo kumeneko ndiko kuli phunziro lokhudza mwana wa ku Kafue. Pa 7 August 2021, pa bwalo la Wembley mu London, Leicester City inagonjetsa Manchester City ndi cigoli 1 kwa 0, cimene anamwetsa Kelechi Iheanacho pa penati masewera ali pafupi kutha. Tsiku limenelo Patson Daka analowa m'bwalo cakumapeto, ndipo ananyamula nao mphotho pa masewera ake oyamba. Okonda Leicester anabvina, a Manchester City anapita kwao ali ndwii. Nanga nyengo inatha bwanji? Manchester City, imene inaluza pa ciyambi, ndiyo inatenga ligi mu May 2022. Leicester inathera pa nambala 8, ndipo mu 2023 inatsika mu ligi yaikulu. Okonda Manchester City akadapitikitsa mphunzitsi wao tsiku lija la August, bwenzi atataya cimanga kaamba ka cizimalupsa.

Tsopano za mnyamata wophonya penati. Amene sanaimepo pa malo aja amaganiza kuti n'capafupi. Mpira umaikidwa pa mtunda wa mamita 11 kucokera pa golo, ndipo golo ndi lotambalala mamita oposa 7. Koma anthu mazana akakhala cete ali kuyang'ana iwe wekha, golo limacepa ngati khomo la khola la nkhuku. Kodi taiwala usiku wa pa 12 February 2012 ku Libreville? Didier Drogba, amene dziko lonse la pansi linali kumuopa, anamenya penati yake kumwamba masewera ali mkati. Pa mapenati otsiriza Kolo Touré analephera, ndipo mwai wotsiriza mlandu unagwera Rainford Kalaba wathu, koma nayenso anaponya mpira pamwamba pa golo. Gervinho ataphonya, Stoppila Sunzu anamwetsa, ndipo Zambia inatenga cikho ca Africa ndi mapenati 8 kwa 7. Palibe amene anakatukwana makolo a Kalaba. Ngati akatswiri otere amaphonya, tiyembekezera ciani kwa mwana wa sukulu amene mwina anabwera ku bwalo atangomwa tiyi wopanda cotafunira?

Ndidziwa kuti ena a inu mudzandiyankha ndi mwambi wakuti m'mera m'poyamba. Ndibvomera. Ciyambi cimaonetsa pamene pali pofooka, ndipo timu ya pa Ciweru inaonetsadi kuti iribe womwetsa zigoli. Koma mmera ukaoneka wofooka, mlimi amaupalira ndi kuuthira manyowa, sauzula ai. Kucotsa mphunzitsi pambuyo pa masewera amodzi ndiko kuzula mmera. Wobwera m'malo mwake adzafuna osewera ake ndi njira zake, ndipo pofika Khrisimasi timu idzakhala ikali kuyamba.

Taganiziraninso za mtengo wa mwala umodzi. Malamulo a mpira amati timu ya pamalo ndiyo iyankha mlandu wa khalidwe la oicemerera. Bungwe la FAZ liri ndi mphamvu yolipiritsa timu, yoilanda masewera, kapena yoilamula kusewera popanda oonerera. Ndalama imene ikadagula mipira ndi nsapato imapita ku faindi. Mai wogulitsa vitumbuwa amataya msika wake. Wamalonda amene anali kuganiza zothandiza timu amabweza dzanja m'thumba, pakuti palibe afuna dzina la sitolo yake pa malaya a timu ya ndeu. Ndipo ana awiri aja amene atate ao anawacotsa pa bwalo, ndani adziwa ngati mwa iwo munalibe Daka wina?

Sindinena kuti ocemerera akhale cete. Amene walipira pa cipata ali ndi ufulu wofunsa, koma afunse mafunso oyenera kwa anthu oyenera. Masiku a kampani yolera timu anapita, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ocemerera a timu iriyonse, ya m'tauni kapena ya kumudzi, apange bungwe lao, asankhe wapampando, mlembi ndi msungi wa cuma, ndipo apemphe msonkhano ndi akuluakulu a timu. Kumeneko afunse kuti ndalama za pa cipata zinali zingati ndipo zinagwira nchito yanji. Afunse ngati osewera amalandira zimene analonjezedwa, ngati amadya asanasewere, ndiponso amene amalipira cipatala mnyamata akathyoka mwendo.

Funso lalikulu koposa onse ndi ili: kodi ana amene timu iri kuphunzitsa analembetsedwa ku FAZ? Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kucokera ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko lina, magawo 5 pa 100 alionse a ndalamazo agawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira 23. Koma gawo limeneli limafika kwa timu yokhayo imene iri ndi mapepala osonyeza kuti mwanayo anali wake. Matimu ambiri a m'makomboni ndi m'midzi amaphunzitsa ana popanda kulemba kanthu, ndipo mwana akachuka amatsala ndi nkhani cabe yakuti anayambira kuno. Dandaulo la mkulu uja lakuti ena ndiwo amakolola, mankhwala ake ali m'buku la mlembi, osati m'mwala wa m'dzanja.

Pa Ciwiri madzulo ndinadzeranso pa bwalo lija. Munalibe oonerera, koma anyamata anali kucita maphunziro ao, ndipo mphunzitsi anali yemwe uja. Anzake atapita, mnyamata wophonya penati anatsala ndi mlonda wa pa golo, ali kumenya mpira kucokera pa malo omwe aja, kubwereza-bwereza mpaka mdima unagwa. Iye wacita mbali yake. Masewera a ligi akayamba adzayang'ana kunja kwa bwalo kuti aone ngati amene anamutukwana abweranso, ndipo abwera ndi ciani. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu a ku Kafue, ndi inu nonse amene timu yanu yapunthwa pa ciyambi, bwererani ku bwalo, lipirani pa cipata, tengani ana, ndipo miyala muisiye m'njira. Za amene walima bwino tidzakambirana pokolola, mwezi wa May. Tidzaonananso mlungu wa mawa pa tsamba lomwe lino.