Kalata yotseguka kwa Nduna ya za Malo: anthu a ku Mulanje apite kuti?

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Mulanje, komwe ndimagwira ntchito m'kabungwe kachifundo ka mpingo. Ntchito yathu mukuidziwa. Timagawa ufa, nyemba, mabulangete ndi mapepala apulasitiki ofolerera nyumba, kenako timalemba malipoti kwa omwe atipatsa ndalama. Madandaulo athu takhala tikuwapereka mwaulemu kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'misonkhano ya kukhonsolo. Kalata iyi ndaiika poyera chifukwa njira zimenezo zatilemetsa miyendo popanda yankho.

Chandikwiyitsa ndi mawu omwe ndinamva pamsonkhano wokonzekera nyengo ya mvula. Mkulu wina wochokera kutali anaimirira n'kunena kuti anthu a kuno ndi osamva, poti abwerera kukamanga m'mbali mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa phiri momwe namondwe wa Freddy anawakokolola. Mafumu anali pomwepo, anangowerama. Ine ndikufunsa inu, chifukwa malo a dziko lino ali m'manja mwa unduna wanu: anthuwa apite kuti?

Freddy anatigwera mu Malichi 2023. Pa 13 mwezi womwewo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa m'ngozi. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Kafukufuku wa boma lomwelo anapeza kuti katundu wowonongeka ndi chuma chotayika zinaposa madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kufuna pafupifupi madola 680 miliyoni. Ku Muloza mtsinje unalowa m'nyumba, m'misika ndi m'chipatala. Chaka chomwecho aphungu anavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo tinamva mobwerezabwereza kuti anthu asamutsidwira kumtunda. Misasa itatsekedwa, masukulu atatsegulidwanso, ambiri anabwerera pomwe anachoka. Nyumba zina zinamangidwa ndi akufuna kwabwino, ndipo tikuthokoza, koma nyumba yopanda munda siisunga mlimi. Amagona momwemo, m'mawa n'kutsikira kudimba lomwe lija.

Kudera la Mfumu Yaikulu Njema kuli mayi wina amene timamuyendera. Munda wake unali m'mbali mwa mtsinje. Lero pamenepo pali miyala ikuluikulu ndi mchenga wofika m'mawondo, khasu likamenya limangolira. Amadzuka kusanache, kuwoloka malire kupita ku Milange, ku Mozambique, kukagwira ganyu m'minda ya eni ake kuti abwere ndi kachinangwa kamadzulo. Popita amadutsa m'mphepete mwa tiyi wobiriwira wotalika mpaka pomwe maso alekezera. Mayi ameneyu ndiye akutchedwa wosamva.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 684,000 m'boma lino. Pa sikweya kilomita imodzi pali anthu oposa 330, pomwe dziko lonse ndi 186. Ndipo nambala imeneyo ikubisa zambiri, chifukwa yawerengera ndi phiri lomwe, nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndi minda ya makampani. Mukachotsa zimenezo, chotsala ndi timizere ta midzi topanikizana pakati pa esiteti ndi esiteti. Kuno ukwati ndi wachikamwini, munda umatsata ana aakazi. Agogo anali ndi maekala angapo, anagawira ana awo, anawo agawiranso awo. Lero mdzukulu akukusonyeza munda wake, malire ake ndi mzere wa nandolo, ndipo ukaima pakati ukhoza kulankhula ndi mnansi wa uku ndi wa uko osakweza mawu. Pamenepo ndi pomwe ayenera kupezapo chimanga cha chaka chonse, fizi ya ana ndi ndalama ya kuchigayo. Ana akakula amamanga pomwepo, munda n'kuchepanso. Akalephera, amakwera m'phiri kukatema mitengo n'kuwotcha makala, ife tomwe n'kumawadzudzula kuti akuwononga chilengedwe.

Mbiri yake mukuidziwa, a Nduna, koma ndiibwerezabe chifukwa kulikulu imaiwalika msanga. Tiyi anayamba kulimidwa kuno cha mu 1891, Henry Brown atadzala ku Thornwood. Kuyambira 1892 Harry Johnston anayamba kupereka kwa azungu zikalata za umwini wa malo omwe ankati anagula kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu ndi mikanda. Makolo athu achilomwe omwe anawoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi anapeza nthaka yabwino ili kale ndi mwini, ndipo anakhalapo polipira thangata. John Chilembwe anadzuka mu 1915 nkhani yake ili yomweyi. Mu 1946 atsamunda eniake anatuma Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo, ndipo iye analangiza kuti boma ligule malo ogonera a m'maesiteti n'kukhazikapo anthu. Ufulu unabwera mu 1964. Mu 1996 Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti ina yofufuza za malo. Mu 2002 kunatuluka ndondomeko ya dziko ya za malo. Mu 2016 kunabwera malamulo atsopano a malo, mu 2022 anakonzedwanso. Zaka zoposa 130, mafukufuku, malipoti, malamulo, ndipo mayi wa kwa Njema akulimabe m'dziko la eni. Zipani zonse zinayi zomwe zalamulapo dziko lino, MCP, UDF, DPP ndi PP, zinaipeza nkhaniyi patebulo ndipo zinaisiya pomwepo.

Nthawi ina boma linachitapo chooneka, ndipo ndi apa pomwe mtima wanga ukuwawa kwambiri. Kuyambira 2004 mpaka 2011 kunali pulojekiti ya Kudzigulira Malo, ya ndalama za World Bank. Mabanja osowa malo a ku Mulanje, Thyolo, Machinga ndi Mangochi ankapanga magulu, kusankha okha esiteti yomwe mwini wake wafuna kugulitsa, boma n'kulipira. Banja lililonse linkalandira pafupifupi mahekitala awiri ndi thandizo la madola pafupifupi 1,050, lomwe gawo lake linali logulira malowo, lina loyambira ulimi ndi kumanga. Mabanja oposa 15,000 anapeza minda ku Machinga, Mangochi, kenako ku Balaka ndi Ntcheu. Panali zolakwika, inde. Ena anakapeza kulibe mjigo, kulibe sukulu, chipatala chili kutali, ndipo anabwerera. Koma ambiri anakhala, ndipo anayamba kukolola chakudya chomwe kuno sakanachilota. Pulojekitiyo inkatchedwa yoyeserera, kutanthauza kuti ikapambana ifalikira. Ndalama za World Bank zitatha, nayo inathera pomwepo. Kuchokera mu 2011 ana obadwa nthawi imeneyo akuyandikira kukwatira, ndipo palibe boma lomwe laikapo ndalama yakeyake kuti ntchito ya kukula kotere ipitirire. Akaundula, maphunziro ake, ngakhale ena mwa akatswiri omwe anaiyendetsa, zonse zilipo mu unduna wanu. Chikusowa n'chiyani?

Musandiuze kuti ndalama palibe. Pamene mzinda wa Blantyre unasowa madzi, boma linakatenga ngongole ya madola 23.5 miliyoni ku India, mapaipi anakumbiridwa kuchokera ku Likhubula mpaka ku Nguludi, ndipo madzi a phiri lathu akumwedwa m'tauni. Sitikuwamana abale athu madziwo. Koma taona ndi maso kuti chinthu cha ku Mulanje chikafunika kwina, ndalama imapezeka ndipo ntchito imatha. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni za feteleza zinatumizidwa ku kampani ya ku Britain yomwe ntchito yake inali yogulitsa nyama. Tawerengani mahekitala omwe ndalama imeneyo ikanagula.

M'malo mwa malo, anthu athu apatsidwa zoziziritsa mtima. Feteleza wotsika mtengo anayamba pa K4,495 thumba mu 2020, pofika 2022 anali K15,000, ndipo opindula anatsika kuchoka pa mamiliyoni oposa atatu kufika pa 1.5 miliyoni mu 2023. Mtukula Pakhomo amafikira banja limodzi mwa mabanja khumi, ndipo ndalama zake zambiri n'zochokera kwa abwenzi akunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama kaja n'kusanduka ka mchere ndi sopo. Mu Malichi 2024 kunalengezedwanso ngozi ya chilala m'maboma 23. Zonsezi si za unduna wanu, ndikudziwa. Koma feteleza amathiridwa m'munda, ndipo wopanda munda amugulitsa kwa mavenda kuti agule ufa wa sabata imodzi. Ndondomeko iliyonse yothetsa umphawi m'dziko la alimi imadzagunda pakhomo panu.

Sindikunena kuti tiyi azulidwe. Abale athu ambirimbiri amadya chifukwa cha kuthyola tiyi ku Lujeri, ku Eastern Produce ndi kwina, ndipo dziko limapezapo ndalama zakunja. Alimi ang'onoang'ono a bungwe la Sukambizi asonyeza kuti munthu wa kuno akakhala ndi kamunda kake amalima tiyi wabwino ngati wa kampani. Sindinagwirizanenso ndi Vincent Wandale pamene ankalengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko palokha, kapena pamene anthu analowa m'minda ya kampani ya Conforzi mu 2016. Koma boma linayankha pomanga anthu, funso lomwe linawatulutsa m'nyumba silinayankhidwe. Anyamata omwe ankamumvera aja akadali m'midzi, ndipo tsopano achuluka. Ndimawaona pa Chitakale ndi pa Limbuli atakhala panjinga za kabaza kudikira wokwera, ena akusonkha ndalama ya basi ya ku Johannesburg. Amene akuganiza kuti nkhaniyi inafa ndiye kuti sakhala kuno.

Ife a mabungwe timauzidwa kawirikawiri kuti tizingogawa thandizo, za malo tizisiyire boma, chifukwa n'zandale. Lamulo la mabungwe omwe si aboma limatiletsa kuchita ndale za zipani, ndipo ife tilibe nazo ntchito. Koma Gawo 30 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chitukuko, ndipo limalamula boma kuonetsetsa kuti anthu ali ndi mwayi wofanana wopeza chakudya, pogona ndi zinthu zofunika pa moyo. Kukumbutsa boma lamulo lake si kupikisana nalo. Maepiskopi a Katolika atalemba kalata yawo ya mu Malichi 1992 yonena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, anatchedwa oukira, lero tonse tikudya ufulu womwe kalatayo inatsegulira. Ndatopa kuima pamzere wa anthu omwewo chaka ndi chaka, kuwapatsa thumba la ufa ndikudziwa kuti Febuluwale wotsatira tidzakumananso. Ndikuona ngati chifundo chathu chasanduka chofunda chomwe boma limaphimbira bala kuti lisaoneke. Opereka ndalama nawonso akubwerera m'mbuyo, monga tinaonera America itadula thandizo lake lambiri mu 2025. Tsiku lomwe ufawo udzaleke kubwera, anthuwa adzatsala ndi chiyani?

Boma lomwe mukutumikira linalowa pambuyo pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika kwawo ndi ku Thyolo, komwe vutoli ndi lomweli. Palibe amene angati sakulidziwa. Tumizani anthu anu adzayeze malo onse a maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo, aone omwe akulimidwa, omwe ali ndi mitengo yofunika kufakitale, ndi omwe angogona, ndipo zotsatira zake zikhomedwe pakhonsolo kuti aliyense awerenge. Ngati ogona palibe, tiuzeni ndi manambala, mphekesera zithe. Ngati alipo, malamulo amalola boma kugula kapena kutenga malo pothandiza anthu, bola lilipire chipukutamisozi choyenera. Dzutsani Kudzigulira Malo ndi ndalama za m'bajeti yathu, muyambe ndi mabanja omwe minda yawo inakwiririka ndi Freddy, ndipo ulendo uno mjigo, sukulu ndi msewu zitsogole anthu asanafike. Amayi alembedwe mayina awo pazikalata, poti kuno munda ndi wa mayi. Ndipo chonde uzani akuluakulu omwe mumawatuma kuno kuti aleke kunyoza anthu oferedwa. Munthu amene anakwirira ana ake, kapena amene sanawapeze n'komwe, safunika kuphunzitsidwa kuti mtsinje umapha.

Phiri la Mulanje linalembedwa ndi UNESCO mu Julayi 2025 pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo tinasangalala. Koma simungaliteteze ndi alonda okha pomwe anthu ozungulira alibe polima. Adzakwerabe, mitengo idzathabe, ndipo mvula ina yamphamvu ikadzabwera miyala idzatsikanso pamidzi yomweyo.

Aphungu akakumana kukambirana bajeti ikubwerayi, tikufuna timve kuchokera pakamwa panu kuchuluka kwa mahekitala omwe mugule, ndalama zomwe mwaika, mabanja a ku Mulanje omwe apindule, ndi mwezi womwe ntchito iyambe.

Ine wanu,
Wogwira ntchito zachifundo,
Mulanje