Tidziwe za Chilengedwe: Nguli Imene Sizungulira

Ambiri a ife tinakula tikusewera nguli pabwalo. Tinkasema kamtengo, n'kukasongola kunsi, kenaka n'kumakakwapula ndi luzi mpaka kayambe kulira. Tikasiya kukwapula, nguli ija inkayamba kudzandira ngati munthu wachizungulire, mapeto ake n'kugwa. Tsono lero tikambe za nguli ina imene palibe anaikwapulapo, imene sitopa, sifulumira ndiponso sichedwa. Chodabwitsa koposa n'chakuti akatswiri amati nguli imeneyi kwenikweni sizungulira n'komwe.

Tiyambe ndi kukumbutsana kuti chinthu chilichonse chimene timachiona, kaya ndi madzi, nsima kapena thupi lathuli, chinapangika ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Titandanditsa maatomu pafupifupi 10 miliyoni, mzere wake ungatalike milimita imodzi yokha. Pakati pa atomu pali phata mmene muli mapulotoni, ndipo kunja kwa phatalo kuli maelekitironi. Tizinthu timeneti tili ndi khalidwe lina limene pa Chingerezi amalitcha spin, kutanthauza kuzungulira. Kaamba ka khalidweli, elekitironi iliyonse imakhala ngati kamaginito kakang'ono.

Chizindikiro choyamba chinaoneka mu February 1922 mu mzinda wa Frankfurt ku Germany. Akatswiri awiri, Otto Stern ndi Walther Gerlach, anatenthetsa siliva mpaka anasanduka nthunzi. Maatomu a siliva aja anawadutsitsa pa kampata kopapatiza, n'kuwapyoletsa pakati pa maginito osulidwa mwapadera, kuti akagwere pa galasi. Mwa nzeru zakale, timaginito timeneti tikanaloza mbali ina iliyonse, choncho maatomuwo akanamwazikana pagalasipo. Komatu sizinatero. Anagawikana pawiri, ena kuno ena uko, pakati osagwerapo kanthu. Tangoganizani mayi akuuluza mpunga, ndiye njere zonse n'kumagwera pa milu iwiri yokha, pakati pa miluyo mbee. Stern ndi Gerlach eni akewo sanadziwe panthawiyo kuti chimene chinagawa maatomuwo ndi spin ya elekitironi.

Apa ndipo pakulowa anyamata atatu amene nkhani yawo tikufuna tiimepo pang'ono. Mu January 1925, ku Tübingen, mnyamata wa zaka 20 dzina lake Ralph Kronig anaganiza kuti mwina elekitironi imazungulira pa yokha ngati nguli. Maganizowa anawafotokozera Wolfgang Pauli, amene ankamuposa ndi zaka zinayi zokha koma anali atatchuka kale, ndiponso ankaopedwa kaamba ka lilime lake lakuthwa. Pauli anamuyankha kuti nzeruyo inali yochenjera ndithu koma sinkagwirizana ndi mmene chilengedwe chilili. Kronig anagwa ulesi, ndipo maganizo akewo sanawasindikize.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho, ku Leiden m'dziko la Netherlands, ophunzira awiri, George Uhlenbeck wa zaka 24 ndi Samuel Goudsmit wa zaka 23, anafika pa nzeru yomweyo osadziwa za Kronig. Analemba kalata yaifupi n'kuipereka kwa mphunzitsi wawo Paul Ehrenfest. Anakafunsanso nzeru kwa Hendrik Lorentz, gogo wa zaka 72 amene anali atalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1902. Lorentz sanawanyoze. Anakhala pansi n'kuwerengera bwinobwino, ndipo anapeza vuto lalikulu: ngati elekitironi ndi kampira kozunguliradi, ndiye kuti kunja kwake kuyenera kuthamanga kuposa kuwala. Tsono kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo palibe chinthu chimene chingakupose.

Uhlenbeck atamva izi anachita manyazi, nathamangira kwa Ehrenfest kukapempha kuti kalata ija isatumizidwe. Anapeza mphunzitsiyo ataitumiza kale. Malinga ndi mmene anyamatawo ankasimbira pambuyo pake, Ehrenfest anangowauza kuti anali akadali ana, kotero kulakwitsa kamodzi sikukanawaonongera kanthu. Kalatayo inatuluka mu November 1925. M'chaka cha 1926 Llewellyn Thomas anakonza pamene masamu ankasemphana ndi zoyesedwa, ndipo Pauli yemwe uja anavomera. M'chaka cha 1928 Paul Dirac wa ku Britain analumikiza malamulo a tizinthu ting'onoting'onoti ndi chiphunzitso cha Albert Einstein chokhudza liwiro la kuwala, ndipo spin inatulukira yokha m'masamu ake, iye asanaiikemo.

Nanga analondola ndani, anyamata kapena akuluakulu? Yankho lake n'lakuti onse. Lorentz analondola: elekitironi si kampira kozungulira. Anyamata aja analondolanso: khalidwelo lilipodi, ndipo limayesedwa. Elekitironi imachita zonse zimene chinthu chozungulira chimachita, kupatula kuzungulira kwenikweniko. Muyeso wa spin yake ndi umodzi kwa maelekitironi onse, sungaonjezedwe kapena kuchepetsedwa. Tikaiyesa kumbali iliyonse imene tasankha, imatipatsa mayankho awiri okha, kumwamba kapena kunsi, monga milu iwiri ija ya ku Frankfurt. Dzina lakuti spin linangokhalira poti chilankhulo cha anthu chilibe liwu lina loyenera. Zilankhulo zathu zonse zinakula ndi zinthu zooneka ndi maso, nguli, mphero ndi njinga, osati ndi za m'kati mwa atomu.

Mwina wina afunsa kuti zonsezi zili ndi phindu lanji kwa ife. Funsoli ndi labwino. Kuposa theka la thupi lathu ndi madzi, ndipo m'madzi muli maatomu a haidirojeni, amene phata lake ndi pulotoni imodzi yokhala ndi spin. Wodwala akagonekedwa m'makina aja a MRI, maginito amphamvu amachititsa kuti ena mwa mapulotoniwo aloze mbali imodzi. Mafunde a wailesi amawapendeketsa, ndipo akamabwerera m'malo mwake amatulutsa chizindikiro chimene kompyuta imachisandutsa chithunzi cha m'kati mwa thupi, popanda mpeni. Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2003 kaamba ka luso limeneli.

Kwathu kuno, makina a MRI anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2008. Madokotala anawagwiritsa ntchito pounika ana okomoka ndi malungo a muubongo, matenda amene aliza mabanja ambiri pakati pathu. M'chaka cha 2015 anafalitsa zimene anapeza: ambiri mwa ana amene anamwalira anali atatupa ubongo kwambiri, mpaka kupanikiza mbali imene imalamulira kupuma. Kudziwa chimene chikupha mwana ndi poyambira pofunafuna njira yomupulumutsira. Ndiye taonani mtunda wake: kalata imene wophunzira wamanyazi anafuna kuibweza ku Leiden inadzathandiza kuunika mutu wa mwana ku Blantyre patapita zaka zoposa 80.

Komatu tisaganize kuti nkhaniyi inatha. Pulotoni yomweyo imene imatithandiza kuchipatala ikadali ndi mwambi wake. M'kati mwake muli tizinthu tina titatu totchedwa quark, ndipo akatswiri ankakhulupirira kuti tikaphatikiza spin ya titatuto tipeza spin yonse ya pulotoni. M'zaka za 1987 ndi 1988, gulu la akatswiri a ku CERN, pafupi ndi Geneva, linayesa n'kupeza kuti tizinthu titatuto tikupereka gawo lochepa zedi. Zinali ngati bambo wawerenga ndalama za pamwezi n'kupeza kuti zambiri sakudziwa kumene zachokera. Atabwereza kuyesa kwa zaka zambiri, anapeza kuti gawo la ma-quark ndi pafupifupi limodzi mwa magawo atatu. Gawo lina limachokera ku ma-gluon, tizinthu timene timamata ma-quark pamodzi, ndipo lina akuti lili m'kayendedwe ka zonsezi m'kati mwa pulotoni. Kagawidwe kake kenikeni sikanatsimikizike. M'chaka cha 2020 boma la America linasankha malo a Brookhaven, m'chigawo cha New York, kuti pamangidwe makina atsopano amene imodzi mwa ntchito zake ndi kuyankha funso lomweli. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife makolo ndi aphunzitsi tili ndi chotolapo apa. Timakonda kunena kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo n'zoona, pakuti chenjezo la Lorentz likadali loona mpaka lero. Koma tikumbukenso kuti safunsa anadya phula. Kronig ndi Uhlenbeck anali ndi nzeru imodzi, ndipo onse awiri anachita mantha atadzudzulidwa. Kusiyana kwawo kunali pa munthu amene anaima kumbuyo kwawo. Mwana wathu akabwera ndi funso looneka lopusa, monga lakuti n'chifukwa chiyani maginito amakoka msomali koma osakoka nkhuni, tisamuthamangitse kuti akusokosa. Yankho la funso limenelo lagona pa spin yomweyi ya maelekitironi a m'chitsulo. Ngati ife sitikulidziwa, timuuze poyera kuti sitikudziwa, ndipo timulimbikitse akafunse kusukulu. Ana athu aakazi ndi aamuna omwe ayenera kumva kuti mafunso ena akudikirabe wowayankha.

Kwa lero tilekere pomwepa. Ana inu, mukasema nguli tchuthi chikubwerachi, muziiyang'anitsitsa bwino pamene ikuyamba kudzandira, ndipo mutilembere zimene mwaona. Tikumanenso m'kope lotsatira.