Nyambo Yopanga Ndiyo Yoyenera Powedza Bass M'madamu Aang'ono

Alangizi ambiri amaona kuwedza nsomba ya bass ngati masewero a anthu olemera. Ine ndikuona kuti imeneyi ndi mbali ya ntchito yathu, pakuti nyambo imene mlimi asankha ikhoza kukonza damu lake kapena kuliwononga.

Kwawo kwa bass ndi ku North America. Inafika ku South Africa m'chaka cha 1928 ndi ku Zimbabwe mu 1932, ndipo lero ipezeka m'madamu ambiri a m'mafamu. Imadya nsomba zinzake, achule ndi nkhanu. M'damu momwe makumba aswana kwambiri mpaka kupinimbira, bass imachepetsa ana awo ndipo otsalawo amakula bwino. Koma nayonso ikachuluka imatha chakudya nipinimbira. Ukonde sugwira ntchito pakati pa zitsa ndi bango pamene imabisala, motero mbedza ndiyo chida choipatulira.

Nyambo yamoyo ili ndi zovuta ziwiri. Choyamba, msodzi amatenga timatemba ku mtsinje wina, ndipo totsala amatitaya m'damu pamodzi ndi matenda ake. Chachiwiri, bass imameza nyambo yotere mpaka m'mimba, kotero kuti nsomba yaikulu yofunika kubwezera m'madzi imafa. Nyambo yopanga kawirikawiri imakola pakamwa, ndipo imodzi imagwira nsomba zambiri.

Mlimi safunika nyambo zambirimbiri, zitatu zikwana. Yoyamba ndi nyongolotsi ya pulasitiki. Nsonga ya mbedza ibisidwe m'thupi mwake kuti isakole udzu, ndipo ikokedwe pang'onopang'ono pansi pa madzi. Imeneyi ithandiza masana dzuwa likaswa mtengo, nsomba zitathawira mumthunzi, ndiponso m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene bass imachita ulesi. Yachiwiri ndi sipina, kachitsulo konyezimira kamene kamazungulira pokoka. Madzi akada ndi matope a dzinja bass siona patali, koma imamva kunjenjemera kwa kachitsuloko kudzera mumzere wa m'mbali mwa thupi lake. Yachitatu ndi nyambo yoyandama yonga chule, ya mbandakucha ndi chisisira madzi ali bata. Ikagwera pamadzi, idikire mafunde athe, kenaka igwedezedwe pang'ono. M'madzi oyera sankhani mitundu yofanana ndi zamoyo za m'damumo. M'madzi amatope, yakuda kapena yowala kwambiri.

Damu laling'ono silibisa phokoso. Msodzi ayende mwakachetechete, chithunzithunzi chake chisagwere pamadzi, ndipo aponye motsata gombe, pafupi ndi zitsa ndi bango, osati pakati pa damu.

Ena adzati nyambo zimenezi ndi zodula ndipo kumudzi sizipezeka. Nzoona, koma sipuni yakale yodulidwa chogwirira, yobooledwa mbali zonse ziwiri ndi kumangidwa mbedza, imagwira bass bwino lomwe.

Tiwauze alimi kuti bass zazing'ono azidya, zazikulu zowerengeka azibwezera, ndipo yaimuna yolondera chisa nyengo yotentha ikamayamba aileke. Koposa zonse, bass yamoyo isanyamulidwe kupita ku madzi ena. Ku Western Cape mitundu ya bass inatha tinsomba ta makolo m'zigawo zambiri za mitsinje monga Olifants. Mitsinje yathu imadutsa malire a maiko. Cholakwa cha famu imodzi chidzalipidwa ndi asodzi a kutsidya.