Ma ova-ova asanagulidwe, tiyambe tagwirizana tchanelo

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni: nkhani yogulira achitetezo a m'mudzi mawailesi a m'manja, aja timati ova-ova, ine ndikuivomereza. Mtedza ndi soya zikalowa m'matumba, akuba sagona, ndipo ng'ombe zikangowoloka malire usiku, basi iwalani. Komanso kufupi ndi malire kuno foni imatha kusiya TNM kapena Airtel n'kugwira netiweki ya ku Zambia pa nthawi yomwe ukufuna thandizo. Ova-ova safuna mayunitsi, sadalira nsanja ya kampani. Koma chonde, tisagule aliyense payekha.

Tamverani chifukwa chake. Tchanelo ndi kabokosi chabe komwe munthu anasungamo fulikwensi. Baofeng BF-888S ili ndi matchanelo 16, UV-5R imasunga 128, koma tchanelo 3 ya wailesi yogula ku Chipata ndi tchanelo 3 ya yochokera ku Joni zitha kutalikirana ngati Mkanda ndi Kamwendo. Nonse mukukuwa "ova, ova," palibe akumva mnzake. Ndipo BF-888S ilibe mabatani a manambala, kuisintha kumafuna kompyuta ndi chingwe chake. Ndiye tisonkhe ndalama, tigule mtundu umodzi, munthu mmodzi wodziwa awatchere onse mofanana.

Kagwiridwe kake nakonso tikadziwe. Wailesi ikamalankhula mwachindunji ndi inzake imafika makilomita ochepa okha. Chitunda, mitengo ndi makoma zimadya mawu. Mtunda wolembedwa pa katoni uja ndi wa otsatsa malonda. Kuti midzi yotalikirana imvane pamafunika ripita, chida choikidwa pamalo okwera chomwe chimamva pa fulikwensi ina n'kubwereza pa ina, ndipo chimenecho ndi ndalama zinanso. Mphamvu yaikulu imatha batire msanga, choncho mukakhala pafupi gwiritsani yaing'ono. VOX, ija imatsegula wailesi yokha ikamva phokoso, izimitsidwe, apo ayi mudzi wonse udzagonera kumvera mkonono wa mlonda. Amalankhula ndi mmodzi pa nthawi: dina batani, nena mwachidule, siya. Tchanelo imodzi ikhale yoitanirana basi, macheza apite kwina.

Tsono apa ndiye pagona nkhani. Ogulitsa amati pali makodi achinsinsi, a CTCSS. Makodi amenewo amangotseka khutu la wailesi yanu kuti isamve ena. Satseka makutu a ena. Wakuba ali ndi ova-ova yake, akaika pa sikani, amva zonse. Ndiye za kumene kwagona ndalama za fodya, kapena mbali yomwe kulibe olondera, zisamanenedwe pa mphepo.

Ena akuti gulu la WhatsApp ndi lokwanira. Masana, eya. Koma pakati pa usiku, bandulo itatha, ndani akuwerenga? Enanso akuti za chilolezo n'za makampani. Ayi ndithu. Mafulikwensi m'dziko muno amagawa ndi a MACRA, ku Zambia ndi a ZICTA, ndipo mawu a wailesi sadinditsa pasipoti pa Mwami. Mafulikwensi obwera nawo kuchokera ku fakitale atha kukhala a eni ake. Komiti yathu idzere kupolisi, ifunse a MACRA, tisadzalandidwe katundu wogula ndi thukuta.

Chomaliza, ndipo ichi chimandidetsa nkhawa kuposa zonse: batani limodzi limadzutsa mudzi wonse. Mawu amodzi olakwika usiku atha kuphetsa mlendo wosalakwa. Wailesi isungidwe ndi anthu ofatsa, osati oyamba adutsa pa kachasu, ndipo wogwidwa aperekedwe kupolisi ali wamoyo.

Inu a m'tauni, ndalama zanu tikuzifuna, koma dikirani kaye tikhale pansi ndi amfumu. Mutu umodzi susenza denga.