M'mera Mpoyamba: Timu ya Ana Si Khoka Lokokolera Zikho

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwambi umenewu udabadwira kumunda, koma nzeru yake imafika paliponse pamene pali chinthu chanthete chofunika kuleredwa. Chimanga chikafooka chikadali ndi masamba atatu, ngakhale mwini munda atathira feteleza wochuluka motani pa nthawi ya ngayaye, nkhokwe siidzadza. N'chimodzimodzinso mwana wosewera mpira wamiyendo. Zimene waphunzira, kapena zimene walephera kuphunzira akadali wamng'ono, ndizo adzayende nazo masiku ake onse a pabwalo.

Munthu woyenda madzulo mumsewu wa M5, kuchokera ku Kande kudzera pa Chintheche mpaka ku Mpamba, salephera kuona ana akuthamangitsa mpira wa chikulunga, womangidwa ndi mapepala a pulasitiki ndi zingwe. Ena amasewera pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, ena pabwalo la sukulu, mapazi ali pambalambanda. Luso lilipo ndithu. Matimu a achinyamata nawo alipo ambiri: a pasukulu, a kumpingo, a m'midzi, ena mpaka okhala ndi komiti ndi yunifolomu. Matimu a akuluakulu monga Chintheche United, imene idapikisanapo mu ligi ya chigawo cha kumpoto, sangakhale ndi osewera ngati magulu a anawa kulibe. Tsono funso loyenera kufunsidwa n'lakuti, kodi timu ya ana imakhalirapo chiyani? Yankho lake n'limodzi. Imakhalirapo kulera osewera. Chikho ndi chokometsera chabe, monga mchere m'ndiwo.

Asodzi a m'boma la Nkhata Bay angathe kumvetsa msanga mfundo imeneyi. Chambo chimaswerana m'madzi osaya, ndipo mayi amasunga tiana take m'kamwa kufikira titalimba. Tianato tikakulako pang'ono timatchedwa kasawala. Msodzi wokokola kasawala ndi masikito amadzaza beseni tsiku lomwelo, nayamikiridwa kunyumba kwake, koma wapha chambo cha chaka chamawa, chake ndi cha mudzi wonse. N'chifukwa chake mafumu ndi makomiti a asodzi, mothandizana ndi bungwe la Ripple Africa la ku Mwaya pafupi ndi Chintheche, adakhazikitsa malamulo oteteza malo oswanirana nsomba ndi kulanda maukonde a maso aang'ono. Timu ya ana imene cholinga chake n'kupambana Loweruka lililonse mwa njira ina iliyonse ili ngati msodzi wa masikito uja.

Masikito oyamba a pabwalo ndi kubera zaka. Mpikisano ukhale wa ana osapitirira zaka 14, koma m'bwalo mumalowa anyamata a mawu a besi, ena ndevu atazipala m'mawa momwemo. Ochemerera amaseka, timu n'kupambana. Koma woluza ndani? Woyamba ndi mwana weniweni wa zaka 13 amene watsala panja akuonerera malo ake atatengedwa ndi mkulu wake. Wachiwiri ndi mnyamata wamkuluyo, pakuti kugwetsa ana ndi phewa sikumuphunzitsa kanthu, ndipo tsiku limene adzakumane ndi anzake a msinkhu wake adzapezeka kuti alibe luso. Wachitatu ndi ana onse a m'timumo, amene aphunzira kwa wamkulu amene amamulemekeza kuti bodza limapindulitsa.

Dziko la Malawi lili ndi chifukwa chokumbukira bwino nkhani imeneyi. M'chaka cha 2009, pa mpikisano wa mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 17 umene udachitikira ku Algeria, timu ya Niger idachotsedwa itapezeka kuti idaseweretsa mnyamata wopitirira zaka. Malo ake adatengedwa ndi anyamata a Malawi, ndipo mwa njira imeneyi adakasewera nawo chikho cha dziko lonse ku Nigeria chaka chomwecho, kumene adakumana ndi United Arab Emirates, United States ndi Spain. Adagonja masewero onse atatu, koma ena mwa iwo, monga Robin Ngalande, adadzavala yunifolomu ya Flames. Pa mpikisano wa ku Nigeria womwewo bungwe la FIFA lidagwiritsa ntchito makina a MRI pojambula fupa la pamkono, pafupi ndi dzanja, pofuna kuona ngati lidasiya kukula. Choncho bodza limene limadutsa pabwalo la kumudzi limakagwidwa kutsogolo, pamene manyazi ake amagwera dziko lonse. Kumudzi makina otere safunika n'komwe. Khadi la kusikelo, kaundula wa sukulu ndi chiphaso chobadwira n'zokwanira, ndipo mfumu ndi anamkungwi amadziwa bwino amene adabadwa chaka chiti.

Masikito achiwiri ndi kusankha ana poona thupi. Pa zaka 12 kapena 13 ana sakula mofanana. Wina amatalika msanga, wina amachedwa. Mphunzitsi wa timu amene akufuna chikho mwezi uno amatenga ataliatali ndi amphamvu, nawauza kuti azingomenya mpira kutsogolo kuti wothamanga kwambiri akagoletse. Kamwana kakang'ono kodziwa kuimitsa mpira ndi kuona mnzake ali pabwino kamakhala panja chaka chonse mpaka kugwa ulesi. Pakapita zaka zinayi, msinkhu umafanana, wamphamvu uja mphamvu zake sizidabwitsanso munthu, ndipo waluso uja adasiya kale mpira, ali pabwato usiku kuwedza usipa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayiko amene mpira wawo udapita patsogolo adazindikira kale zimenezi. Ana aang'ono saseweretsedwa 11 mbali iliyonse pabwalo la akuluakulu, koma anayianayi, asanuasanu kapena asanu ndi awiri mbali iliyonse, pabwalo laling'ono, ndi mpira wocheperako. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pakakhala osewera ochepa, mwana aliyense amaugunda mpira kambirimbiri, amalakwitsa kambirimbiri, naphunziranso kambirimbiri. Amayesedwa malo osiyanasiyana, lero kutchinga kumbuyo, mawa kutsogolo, tsiku lina pagolo. Chodabwitsa n'chakuti ana a chikulunga a ku Kande akhala akuchita zomwezi okha, popanda wowauza. Mchenga umalimbitsa miyendo, ndipo chikulunga, posadumpha mofanana, chimaphunzitsa phazi kukhala tcheru. Mphunzitsi wanzeru sathetsa sukulu imeneyi, koma amangoonjezerapo dongosolo.

Atonga ali nacho chitsanzo chawo cha kaleredwe kotere m'gule wa malipenga. Gule ameneyu, amene adatengera perete wa asilikali, ali ndi magulu otchedwa boma, okhala ndi atsogoleri ndi maudindo. Mpikisano wa maboma ndi woopsa, ndipo ulemu wa mudzi umakhala pamenepo. Komabe palibe amene amabadwa akudziwa kuponya phazi. Ana amayamba ndi kuonerera ndi kutsanzira ali pambali, kenaka amalowa mumzere, kufikira mapazi awo atagwirizana ndi ng'oma. Pamodzi ndi masitepe amaphunzira kusunga nthawi, kuvala mwaukhondo ndi kumvera wotsogolera. Boma limene lingabwereke ovina a kwina kuti lipambane tsiku limodzi, ana ake osaphunzitsidwa, lidzatha ovina ake akale akadzakalamba. Timu ya mpira iyenera kutengerapo phunziro.

Masikito achitatu ndi kulekanitsa mwana ndi sukulu. Dera limeneli lidadziwika ndi maphunziro kuyambira pamene a mishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, adasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881. Kuchokera m'midzi yomweyi mudatuluka anthu monga Clements Kadalie wa ku Chifira, amene adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919. Chuma chimenechi sichoyenera kusinthanitsa ndi nsapato za mpira. Mwa ana ambirimbiri osewera, amene adzadye za mpira ndi owerengeka, ndipo ngakhale iwowo bondo likhoza kuwathera ntchito tsiku limodzi. Ena amati mapanga awiri avumbwitsa, mwana asankhe chimodzi. Mwambiwu pano sukugwira, pakuti sukulu ndi bwalo si mapanga awiri, koma denga ndi khonde la nyumba imodzi. Timu yabwino imaika lamulo lakuti wojomba kusukulu Lachitatu sasewera Loweruka, ndipo imapumitsa ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 mayeso akayandikira. Wosewera wodziwa kuwerenga ndiye adzathe kumva zolembedwa mumgwirizano wake asanasaine.

Apa m'pofunika kutchulapo za anthu olonjeza kutengera ana kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malamulo a FIFA amaletsa kusamutsira mwana wosakwana zaka 18 ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Choncho munthu akafika pakhomo kupempha ndalama za pasipoti ndi ulendo wa mwana wa zaka 15, makolo ayambe afunsa ku bungwe la FAM. Malamulo omwewo amatetezanso timu yolera. Wosewera akagulidwa ndi timu ya dziko lina, magawo 5 pa 100 alionse a mtengo wake amagawidwa kwa matimu amene adamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira 23. Koma phindu limeneli limafika kwa timu yokhayo imene idalembetsa mwanayo m'kaundula wa bungwe la mpira, ndi dzina lake lenileni ndiponso tsiku lake lobadwa lenileni. Timu yobera zaka imadzibera yokha.

Atsikana asaiwalike. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa adakulira ku Rumphi, boma loyandikana ndi Nkhata Bay. Tabitha adapita ku Sweden m'chaka cha 2014, kenaka ku China, ku Italy kumene adaposa onse pogoletsa zigoli ali ku Inter Milan, ndipo m'chaka cha 2024 adalowa timu ya Lyon ya ku France. Temwa adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku United States m'chaka cha 2024 ali ku Kansas City Current, nasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa. Timu ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA m'chaka cha 2023. Mudzi umene umati mtsikana malo ake ndi pamtondo wa kondowole basi ukutaya theka la mbewu yake. Chofunika n'chakuti timu ya atsikana ikhale ndi mayi wodalirika woyenda nayo, ndipo ana abwerere kunyumba dzuwa lisanalowe.

Alipo amene anganene kuti mpira wopanda kufuna kupambana ndi masanje, ndipo kuti wopereka yunifolomu amafuna kuona chikho. Ali ndi mfundo. Ana eni ake amafuna kupambana, ndipo kugonja kumene kumawaliritsa kumawaphunzitsanso. Ndalama nazo n'zovuta. Timu ya ku Usisya, kumene msewu wake ndi wa zitunda zoopsa ndipo ambiri amadalira ulendo wa panyanja, imalipira zambiri kuti ikangosewera kamodzi kutali, choncho siifuna kubwerera chimanjamanja. Komatu palibe amene akuti ana asapikisane. Apikisane ndi mtima wonse, koma ndi anzawo a msinkhu wawo, ndipo aliyense amene wabwera kudzaphunzira sabata yonse alowe m'bwalo. Zikho zongobuka nyengo ya chisankho n'kuzimirira mavoti akawerengedwa sizilera wosewera. Kaligi kakang'ono ka matimu oyandikana, kofika wapansi kapena panjinga, koseweredwa sabata ndi sabata, kamaposa chikho cha ndalama zambiri cha masiku atatu. Kuthamanga sikufika.

Mbiri ya Flames nayo ikuchitira umboni kuti luso lokha silikwanira. Timuyi idatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa m'zaka za 1978, 1979 ndi 1988. Ku chikho cha mu Africa idafikako mu 1984, kenaka mu 2010 pamene, motsogozedwa ndi a Kinnah Phiri, idagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola, kenakanso mu Januwale 2022 ku Cameroon, kumene Gabadinho Mhango adagoletsa chigoli chosaiwalika pokumana ndi Morocco. Pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri padapita zaka 26. Mipata yaitali chotere ndiyo imaoneka pamene mbewu ikumera mwa mwayi, yopanda nazale.

Tsono komiti ya timu ya ana, kaya ndi ku Chintheche, ku Kande, ku Mpamba kapena ku Usisya, ikakhala pansi kumapeto kwa chaka isayambe ndi kuwerenga zikho. Iwerenge ana amene adayamba chaka ndi amene amaliza. Ione angati akadali pasukulu, angati tsopano akumenya mpira ndi miyendo yonse iwiri, angati akwera kupita ku timu ya akuluakulu, ndi angati amapereka moni kwa woimbira mpira ngakhale atagonja. Makolo, aphunzitsi a sukulu, mafumu ndi atsogoleri a mipingo akhale nawo pa msonkhano umenewo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo adzukulu amene lero akusewera, tsiku lina adzakhala iwo oimirira pambali pa bwalo ndi wezulo m'manja. Adzakumbukire pamenepo kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.