"Modern" ndi "Moderate" ndi Ana a Mimba Imodzi

Munthu woyenda pa msewu wa ku Likuni, akapitirira Chinsapo nafika pa Chigwirizano, sachedwa kukumana ndi mau a Chingerezi akuti "modern" pa zikwangwani ndiponso pakamwa pa amalonda. Telala kapena wometa tsitsi akalemba mauwa, amafuna kunena kuti ntchito yake ndi yapamwamba. Komatu mauwa satanthauza zimenezo iai.

Gwero lake ndi Chilatini, chinenero chimene akuluakulu ankachimva pa Misa ku Likuni kufikira m'ma 1960. M'Chilatini muli mau akuti "modus", ndiye kuti muyezo. Pa tsinde limeneli panaphuka "moderate", kutanthauza chinthu chosapyola muyezo, ndi "modest", munthu wodziwa malire ake, wosadzitukumula. Panaphukanso "modo", ndiye kuti posachedwapa, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa "modern". M'Chingerezi "moderate" ndiye wamkulu, pakuti analowamo chisanafike chaka cha 1400, pamene "modern" anadza m'ma 1500. Motero "modern" angonena za nthawi basi, monga momwe Chichewa chimanenera kuti makono, masiku ano. Chinthu chamakono chingathe kukhala chabwino, chingathenso kukhala chachabe. Chimfine chimene chabuka sabata ino nachonso nchamakono.

Wofuna kuona chimene chimachitika mng'ono akamuthawa mkulu wake, aime pa msika wa Chigwirizano madzulo nayang'ane pansi. Aona majumbo. Kale mai wopita ku msika ankanyamula dengu, ndipo dengulo linkatha zaka. Jumbo linabwera ngati chitukuko: nlopepuka, silidontha, ndipo wogula salipira kanthu kapena amalipira pang'ono. Kunena zoona, linathandiza osauka. Banja limene ndalama zake zingokwana ufa wa tsiku limodzi, uja amautcha wokumani, ndi mafuta ophikira a ndiwo za usiku womwewo, silingagule m'thumba lalikulu kapena m'botolo. Palibe wanzeru angaliseke banja lotere.

Choipa nchakuti pa jumbo panalibe muyezo. Mulu umodzi wa tomato, jumbo lake. Anyezi awiri, lake. Tchipisi cha pa chiwaya, chotentha chomwecho, lakenso. Jumbo lopyapyala limagwira ntchito mphindi zochepa kuchokera pa benchi kufika pakhomo, kenaka likhala m'nthaka zaka zambirimbiri osaola. Limatseka ngalande, ndipo mvula ikagwa madzi amasefukira m'makomo. Mbuzi zimalidya, ndipo opha nyama amalipeza m'chifu. Akulitentha pa dzala, utsi wake aupuma ndi ana. Ndicho chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Boma linaliona vutoli, ndipo mankhwala ake anali muyezo weniweni. Mu 2015 linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikroni 60, kuchindikala kofanana pafupifupi ndi tsitsi limodzi la munthu. Silinaletse pulasitiki yense. Linangoti akhale wochindikala ndithu, woti munthu nkumutsuka ndi kumugwiritsanso ntchito. Limeneli ndilo lamulo loyenera dzina lakuti "moderate", pakuti dziko la Rwanda mu 2008 ndi la Kenya mu 2017 anachita zoposa pamenepa poletsa majumbo. Koma makampani opanga mapulasitiki anathamangira ku mabwalo a milandu, ndipo ngakhale Bwalo Lalikulu la Apilo linagamula mu 2019 kuti lamuloli nloyenera, milandu ina inatsatirabe kwa zaka zingapo. Nthawi yonseyo makina sanaleke kulira.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene a bungwe la MEPA, loteteza chilengedwe, ayenera kukumbukira. Mai wogulitsa bonya pa Chigwirizano alibe chida choyezera mamaikroni. Iye amadziwa muyezo wa mbale, wa chigoba ndi wa mulu, ndipo pa imeneyo salakwa. Kumulanda katundu wake pamene fakitale yopanga majumbowo ikugwirabe ntchito masana dzuwa likuswa mtengo, kumeneko nako nkupyola muyezo. Chida choyezera chipite kumene jumbo limabadwira, ndiponso pa zipata za dziko pamene ena amalowera.

Ogula nao ali ndi mbali yao, ndipo siifuna loya. Oluka madengu ndi zikwama za mlaza sanathe m'midzi yozungulira Lilongwe, ngakhale kuti mtsikana wa m'tauni amachita manyazi kuoneka nazo, ati nzachimidzi. Akuluakulu a msika wa Chigwirizano angachite bwino kuwapatsa olukawo malo pakhomo penipeni pa msika, pamene wogula aliyense amadutsa, ndi kukonza ngalande mvula ya Novembala isanagwe.